Galu anatuluka pageti, tsopano andipatsa pepala la chindapusa: ndilipire kapena ndikane?

Funso

A Loya, ndimakhala ku Chibavi m'nyumba ya lendi ndipo tili ndi galu mmodzi wamphongo amene amatilondera. Loweruka lapitali m'mawa mwana anasiya geti lotsegula popita kukatunga madzi, galu n'kutuluka. Anathamangitsa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, mnyamatayo n'kugwa. Ananyuka pabondo ndi pachigongono, ndipo iye akuti galuyo anamuluma pakakolo, koma ine ndinangoona zokandika. Lolemba kunabwera abambo awiri onena kuti ndi a khonsolo, n'kundisiyira pepala loti ndikalipire K40,000 pasanathe masiku 7 chifukwa chosiya galu akuyendayenda. Koma papepalapo analemba kuti zinachitika Lachisanu, ndiponso akuti galu wakuda pamene wathu ndi wofiirira. Dzina analemba la bambo a kunyumba, amene ali ku Joni chaka chachiwiri tsopano. Wakabaza nayenso akufuna K300,000, apo ayi akupita kupolisi. Galuyo anabayidwa katemera wa chiwewe mu September chaka chatha ndipo khadi ndili nalo. Kodi pepalali ndingalikane? Angandimange? Nanga galu wangayu amupha?

Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu

Yankho

Mayi, mtima m'malo. Galu ndi wobayidwa katemera, khadi lilipo, wovulalayo akuyenda yekha mpaka kudzakulonjererani ndalama, ndipo inu simukuthawa. Nkhani yotere kawirikawiri imathera pa kukambirana ndi kulipira, sikuti imafika kundende. Koma m'kalata yanu muli nkhani zitatu zimene mwazimanga pamtolo umodzi, ndipo malamulo amaziona padera: pepala la khonsolo, mlandu umene apolisi angatsegule, ndi chipepeso cha mnyamata wa kabaza. Kulipira chimodzi sikutseka zinazo. Mukapereka K40,000 ku khonsolo, wakabaza sanalandire kanthu ndipo akhoza kukusumiranibe. Mukamupatsa wakabaza zake, khonsolo idikirabe zake. Ndipo pa zitatuzi, pepala limene likukusowetsani tulolo ndiye laling'ono.

Chachikulu ndi kakolo ka mnyamatayo. Musakangane naye za kuti ndi kuluma kapena kukanda, chifukwa pa nkhani ya chiwewe zonsezi n'zoopsa: kachirombo kake kali m'malovu a galu, ndipo kamalowa paliponse pamene khungu lang'ambika. Chofunika chinali kutsuka bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 nthawi yomweyo. Ngati sizinachitike, asachedwenso. Apite lero ku chipatala cha Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital, ndipo inu mupite naye, khadi la galu lili m'manja, thiransipoti mulipire ndinu. Achipatala ndiwo aone ngati akufunika jakisoni wa chiwewe, wa kafumbata, kapena onse. Akamuyambitsa jakisoni wa chiwewe, ndi angapo pa masiku osiyana, ndipo amalize onse. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu, palibe mankhwala, ndi maliro basi. Ndikunena zimenezi poyamba ngakhale mwafunsa za malamulo, chifukwa chimene chimasandutsa nkhani ya K40,000 kukhala mlandu waukulu ndi munthu kudwala kapena kufa mwini galu atangokhala. Kupita nayenso kuchipatala kumakuthandizani inuyo: m'buku lake la kuchipatala mulembedwa mabala enieni amene ali nawo lero, osati amene adzakumbukire pakatha miyezi itatu.

Galuyo mumange kapena mumutsekere m'khola kwa masiku osachepera 10 kuwerengera kuyambira Loweruka lija, ndipo kauzeni alangizi a ziweto kuti adzamuone. Galu amene anali ndi chiwewe m'malovu tsiku limene analuma munthu sakhala wabwinobwino masiku 10. Amadwala kapena kufa. Ndiye galu wamoyo, wodya bwino pa tsiku la 10, ndi umboni wanu wamphamvu kuposa mboni iliyonse. Pemphani mlangiziyo alembe tsiku limene wamuona ndi mmene wamupezera, asayine. Anthu ena akachita mantha amapha galu mwachangu, kapena kukamubisa kumudzi ku Ekwendeni kapena ku Mpherembe. Musatero. Mukatero mwadzichotsera umboni nokha, mwasamutsa nyama yoyenera kuyang'aniridwa, ndipo mukuoneka ngati mukubisa matenda. Akayamba kutuluka dovu, kuluma zilizonse, kukana madzi ndi chakudya, kapena kufa m'masiku amenewa, musamukhudze ndi manja ndipo musamukwirire a zaziweto asanabwere, chifukwa chiwewe amachiyeza mu ubongo. Onaninso tsiku la pakhadi: katemera wa agalu kuno timabwereza chaka ndi chaka, ndiye ngati miyezi 12 yakwana, akabayidwenso masiku oyang'anirawo akatha.

Tsopano malamulo. Mumzinda ngati Mzuzu, galu woyendayenda amakhudzidwa ndi malamulo a mbali zingapo. Khonsolo ili ndi mphamvu, pansi pa Local Government Act ya 1998, yopanga malamulo ang'onoang'ono a mumzinda, ndipo za ziweto ndi zinthu zosowetsa anthu mtendere zimalowa m'menemo. Palinso Control and Diseases of Animals Act, lamulo limene a zaziweto amagwiritsa ntchito polimbana ndi chiwewe. Ndilo limawapatsa mphamvu yolengeza nyengo yoti agalu onse amangidwe, ija mumamva pawailesi kuti tie-up order, ndipo pa nyengo imeneyo galu wopezeka pamsewu akhoza kuwomberedwa, wa katemera ndi wopanda katemera chimodzimodzi. Kenako pali Penal Code, imene imati ndi mlandu munthu kulekerera nyama imene ali nayo mosasamala mpaka kuika moyo wa ena pachiswe kapena kuwavulaza. Umenewu ndiwo mlandu umene apolisi angatsegule wakabaza akakadandaula.

Tengani pepala lija muliwerenge modekha. Pepala lenileni la ofesi limakhala ndi dzina la ofesiyo pamwamba, chidindo, tsiku, nambala yake, dzina ndi udindo wa amene walilemba, lamulo limene akuti mwaphwanya ndi gawo lake, ndi malo okalipirira. Lijambuleni pafoni mbali zonse, mukachititsenso fotokope ziwiri. Kenako pitani nokha ku maofesi a khonsolo, ku nthambi ya zaumoyo, mukafunse ngati pepalalo ndi lawo ndiponso ngati nambala yake ili m'kaundula wawo. Zimenezi si kuderera munthu. M'matauni muno muli anthu ovala bwino amene amayenda ndi mapepala. Ndalama ya khonsolo imalipiridwa kwa kashiya wa khonsolo kapena ku akaunti ya kubanki ya khonsolo, ndipo mumalandira lisiti la khonsolo. Siperekedwa pageti, situmizidwa pa nambala ya Mpamba kapena Airtel Money ya munthu. Wina akakuuzani kuti mumupatse theka nkhani ithere pompo, dziwani kuti pa Corrupt Practices Act wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa, ndipo pepalalo likhalabe lotsegula m'kaundula. A ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu, ali ndi ofesi mu Mzuzu momwemuno.

Za zolakwika zitatu zija, ndikuuzeni mosabisa, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amadzinamiza. Lachisanu m'malo mwa Loweruka, wakuda m'malo mwa wofiirira, dzina la bambo m'malo mwa lanu: zonsezi n'zoona ndi zolakwika, koma sizipha nkhani pazokha. Inu mukudziwa kuti galu anali wanu ndipo anatulukadi. Ofesi ikhoza kung'amba pepalalo n'kulemba lina lolondola tsiku lomwelo, ndipo kukhoti woimira boma amaloledwa kukonza tsiku kapena dzina pa pepala la mlandu, bola woimbidwa mlandu apatsidwe mpata woyankha. Dzina la bambo nalonso silikupulumutsani. Malamulo a ziweto amayang'ana amene akusunga nyamayo, amene amaidyetsa ndi kuitsekera, ndipo ameneyo ndi inu. Munthu ali ku Joni sangatseke geti la ku Chibavi. Musayesere kunena kuti galuyo si wanu. Anansi anaona, wakabaza anaona, ndipo bodza likagwidwa limawononga ngakhale zoona zimene mukananena pambuyo pake.

Komabe zolakwikazo zili ndi ntchito yake. Choyamba, n'kutheka kuti kunalidi galu wina wakuda amene anavutitsa anthu Lachisanu, ndipo madandaulo awiri asakanikirana. Ku Chibavi agalu oyendayenda si mmodzi. Ngati ndi choncho, simuyenera kusenza mlandu wa galu wa eni, makamaka ngati wakudayo analuma munthu wina. Chachiwiri, zikusonyeza kuti olembawo sanaone okha zimene zinachitika, anangomva. Zimenezi zimakupatsani chifukwa chomveka chopempha kuti nkhaniyo iunikidwenso. Chachitatu, musalipire pa pepala la dzina ndi tsiku lolakwika, chifukwa lisiti lake silidzakutetezani wina akadzabwera ndi pepala la Loweruka m'dzina lanu.

Mafunso amene ali ndi mano ndi ena. Kodi ndi lamulo liti, gawo liti? Pemphani akuonetseni lolembedwa. Malamulo a khonsolo si chinsinsi, amayenera kuvomerezedwa ndi kulengezedwa, ndipo nzika ili ndi ufulu wowaona. Access to Information Act, imene inayamba kugwira ntchito mu 2020, imakulimbikitsani pamenepa. Mukaliona, yang'anani zinthu zitatu. Kodi K40,000 imeneyi ndi imene yalembedwa m'lamulomo, kapena yaposa? Kodi ndi chindapusa cha mlandu, kapena ndi fizi ya ntchito monga kugwira ndi kusunga galu? Ngati ndi fizi yosungira galu pamene galu wanu sanachoke pakhomo, palibe chimene mukulipirira. Ndipo kodi lamulolo likulola wogwira ntchito kulandira chindapusa popanda khoti? Mfundo yaikulu ndi yoti munthu sapezeka wolakwa ndi amene akumuimba mlandu. Mukavomera, mukhoza kulipira nkhani n'kutha. Mukakana, amene angagamule kuti mwalakwa ndi majisitireti. Onaninso mawu enieni a mlanduwo. Pali kusiyana pakati pa lamulo lonena kuti galu asapezeke pamsewu, ndi lonena kuti munthu asalole galu kuyendayenda. Pa loyambalo, galu akangotuluka mlandu wakwana, kaya anatsegula ndi mwana kaya ndi mphepo. Pa lachiwirilo muli ndi ponena: mpanda ulipo, geti lilipo, galu amakhala womangidwa, ndipo anatuluka kamodzi mwangozi.

Kukana kwake ndi kolemba, ndipo kuchitike masiku 7 aja asanathe. Kungokhala chete si kukana; ndi kuwapatsa chifukwa chokutengerani kukhoti, kumene mudzayambe ndi mbiri yoti munanyozera. Lembani kalata ya tsamba limodzi kwa mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo, m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Pamwamba dzina lanu, dera, nambala ya nyumba kapena puloti, ndi nambala ya pepala lija. Nenani mwachidule zimene zinachitika Loweruka, nthawi yake, ndi zimene mwachita kuchokera tsikulo: galu ali m'khola, alangizi a ziweto amuona, wovulala mwapita naye kuchipatala, geti mwakonza. Tchulani zolakwika zitatu zija popanda mawu onyoza. Kenako pemphani zinthu zinayi: akuuzeni lamulo ndi gawo lake, akupatseni zifukwa zolembedwa, akupatseni mpata womveka, ndipo masiku olipira aimitsidwe mpaka atayankha. Tchulani gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko lino. Gawo limeneli limapatsa munthu aliyense ufulu woti ofesi ya boma imuchitire zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zolembedwa pamene chiganizo cha ofesiyo chikumukhudza. Phatikizani fotokope ya khadi la katemera, ya pepala lija, ndi zithunzi za galu ndi mpanda. Khadi lenileni lisachoke m'manja mwanu. Pitani ndi makalata awiri ofanana, ina musiye, inayo akudindireni chidindo cha tsiku limenelo mubwerere nayo. Kalata yopanda chidindo cholandirira, mawa adzakuuzani kuti sanaione.

Musalembemo mawu oti "ndikuvomera kuti ndinalakwa". Nenani zimene zinachitika basi. Kulakwa kapena kusalakwa ndi mawu a lamulo, ndipo kalatayi ikhoza kudzawerengedwa pa mlandu wa wakabaza. Pa chifukwa chomwecho, ngati pa zifukwa zina mwaona kuti ndi bwino kulipira msanga, mwachitsanzo atagwira galu ndipo fizi ikukwera tsiku ndi tsiku, perekani ndalamayo limodzi ndi kakalata konena kuti mukulipira kuti nkhani isakule koma mlandu simukuuvomera ndipo dandaulo lanu likadalipo.

Maganizo anga ndi awa. Mukapeza kuti lamulo lilipo, ndalamayo ndi yolondola, ndipo akonza dzina ndi tsiku, lipirani mutenge lisiti. Galu anatulukadi. Kulimbana mpaka kukhoti pa K40,000 kudzakudyerani masiku a ntchito, thiransipoti ndi mtendere, ndipo mapeto ake mukhoza kutuluka ndi mbiri yopezeka wolakwa kukhoti, imene pepala la ofesi silikanakupatsani. Mukapeza kuti palibe lamulo limene akulitchula, kapena ndalamayo ndi yongoganiza, pamenepo limbani. Akakana kukuyankhani kapena kukumverani, kadandauleni ku ofesi ya Ombudsman, imene ili ndi nthambi mu Mzuzu ndipo salipiritsa. Khansala wa wodi yanu angathandize kuti fayilo iyende, koma alibe mphamvu yofafaniza mlandu. Njira yopempha High Court kuti iunike chiganizo cha ofesi ilipo, iyenera kuyambika pasanathe miyezi itatu, koma imafuna loya ndipo mtengo wake uposa chindapusacho kangapo.

Masamoni a khoti akabwera, nkhani yasintha. Pitani pa tsiku lolembedwalo ngakhale kukugwa mvula ya ku Mzuzu yosakata ija, chifukwa kulephera kupita ndiko kumabweretsa chikalata chokumangani. Mlandu udzawerengedwa, ndipo muli ndi ufulu woumva m'chilankhulo chimene mukumva bwino, Chichewa kapena Chitumbuka, womasulira simulipira. Akakufunsani ngati mukuvomera, musayankhe kuti "eya" pongofuna kuti zithe msanga. Munthu wovomera mlandu sachitanso apilo pa za kulakwa, amangodandaula za kukula kwa chilango. Mukakana, ndi udindo wa oimba mlandu kubweretsa umboni, ndipo inu mudzafunsa mboni zawo mafunso: munaona nokha? tsiku lanji? galu wa mtundu wanji? Apa ndi pamene Lachisanu ndi galu wakuda zimagwira ntchito. Akakupezani wolakwa, mumapatsidwa mpata wodandaula chilango chisanaperekedwe. Nenani kuti ndi koyamba, galu ndi wa katemera, munathandiza wovulala, mpanda mwakonza, muli ndi ana ndipo bambo kulibe, onetsani malisiti. Ngati simukukhutira ndi chigamulo, chidziwitso cha apilo chimaperekedwa molemba pasanathe masiku 10, ndipo apiloyo imapita ku High Court ya ku Mzuzu konkuno.

Angakumangeni? Wakabaza akapita kupolisi, adzamupatsa fomu yoti achipatala alembe mabala, ndipo inu adzakuitanani kuti mukapereke sitetimenti. Pitani nokha musanatengedwe, muli ndi chitupa cha unzika, khadi la galu, ndi munthu wamkulu mmodzi wokhala ndi chitupa chake amene angakuimireni. Sitetimenti muiwerenge kapena akuwerengereni musanasayine. Atati akusungeni, belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo lamulo limati munthu womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Polisi si malo otolera ngongole: wapolisi angathandize kuti mugwirizane, koma sangagamule kuti mulipire K300,000. Pa milandu ing'onoing'ono ya pakati pa anthu awiri, makhoti nawonso amalola kuyanjana, ndiye kugwirizana ndi mnyamatayo mwamsanga kumachepetsa mphamvu ya mbali imeneyi.

Chipepeso chakecho ndiye pamene pali ndalama zenizeni. Pa nkhani za nyama, makhoti athu amatsatirabe mfundo zakale zochokera ku malamulo a ku England. Imodzi imati mwini galu amene ankadziwa kale kuti galu wake ali ndi khalidwe loluma kapena lolimbana ndi anthu, alipira basi, ngakhale anasamala chotani. N'chifukwa chake funso loyamba limene loya wa mnyamatayo angafunse anansi anu ndi lakuti: galu ameneyu anachitapo zotere? Ngati anathamangitsapo njinga kapena ana a sukulu ndipo anthu anakuuzani, muli pofooka. Mfundo ina ndi ya kusasamala wamba: ngakhale galu ndi wofatsa, munthu wosamala sasiya galu womasula pabwalo pamene ana akutuluka ndi kulowa ndi zidebe. Kunena kuti anatsegula ndi mwana sikuthandiza kwenikweni, popeza mwanayo ndi wanu ndipo nyumba mukuyang'anira ndinu. Chikwangwani cha "Chenjerani ndi galu" pageti chimachenjeza wolowa, sichiteteza galu amene ali pamsewu. Ndipotu wina akhoza kuchigwiritsa ntchito posonyeza kuti mumadziwa ukali wake.

Choncho mnyamatayo ali ndi pogwira, koma K300,000 ndi nambala yoyambira malonda. Imasuleni zidutswazidutswa. Zachipatala ndi mankhwala, abweretse malisiti. Thiransipoti ya ku jakisoni, werengani maulendo. Njinga, mupite nayo limodzi kwa makanika awiri osiyana alembe mtengo wa zimene zinasweka tsiku limenelo, galasi, chogwirira buleki, indiketa, pulasitiki ya m'mbali. Osati tcheni ndi matayala zimene zinatha kale. Masiku amene sanagwire ntchito, chulukitsani ndi phindu limene amatsala nalo patsiku atachotsa mafuta ndi ya bwana, osati ndalama yonse imene amatolera. Pamwamba pake onjezani kenakake ka ululu. Funsaninso kuti njingayo ndi ya ndani, chifukwa anyamata ambiri a kabaza amayendetsa njinga za eni. Mukalipira woyendetsa yekha, sabata yamawa mwini njinga adzagogoda ndi bilu yake. Ngati mnyamatayo ankathamanga kwambiri m'kanjira ka m'mudzi, kapena anaponda galu ndi mwendo ali paliwiro, khoti limachepetsa chipepeso molingana ndi gawo lake la kulakwa, ndipo inunso mukhoza kutchula zimenezi pokambirana. Koma musaopseze mnyamatayo kuti mukamunenera za laisensi kapena chipewa. Kusowa laisensi ndi nkhani yake ndi apolisi a pamsewu, sikupatsa galu chilolezo chomugwetsa.

Mukagwirizana, lembani. Pakhale mfumu ya m'dera kapena bulokulida, mboni imodzi mbali iliyonse, ndi mwini njinga. Papepalapo pakhale mayina ndi manambala a zitupa, tsiku la ngozi, ndalama yonse m'manambala ndi m'mawu, masiku olipira ngati ndi pang'onopang'ono, ndi chiganizo chonena kuti ndalamayi yatseka madandaulo onse a mabala ndi a njinga ochokera pa ngozi ya tsiku limenelo. Aliyense asayine ndipo atenge kope yake. Zachipatala lipirani pompano, koma pepala lotsekera nkhani lisayinidwe masiku 10 a galu atatha ndiponso achipatala atanena kuti bala likupola, kuti pasadzapezeke wonena kuti munamufulumizitsa asanadziwe kukula kwa vuto. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo lamulo likugwirizana nawo ndithu: munthu wovulala ali ndi zaka zitatu zoti akasume. Ndalama yoperekedwa pamanja popanda pepala, patatha chaka imasanduka "ija inali ya sopo chabe".

Pakadali pano pakamwa pasamale. Musalembe pa gulu la WhatsApp la m'dera kuti mnyamatayo ndi wakuba kapena kuti a khonsolo ndi akatangale. Mauthenga amasungidwa, ndipo Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ili ndi milandu ya mauthenga onyoza. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Za kuphedwa kwa galu, pa zimene mwafotokozazi sindikuona chifukwa. Galu amaphedwa akaonetsa zizindikiro za chiwewe, akapezeka pamsewu pa nyengo yomanga agalu kapena pa ntchito yochotsa agalu osowa mwini, kapena zikatsimikizika kuti ndi woopsa ndipo mwini wake akulephera kumusunga. Galu wa katemera amene ali m'khola pakhomo panu sali m'gulu limeneli. Wina akabwera kuti amutenge, funsani chitupa chake cha ntchito ndi chikalata chomulola, lembani dzina lake, koma musalimbane naye pageti. Ndipo mnansi amene angaganize zomuthira tameki adziwe kuti kupha chiweto cha mwini mwadala ndi mlandu, ndipo Protection of Animals Act imaletsa nkhanza kwa nyama. Chimene chingamuphetse galu wanuyu ndi kutulukanso kachiwiri, chifukwa kuyambira Loweruka lija simungathenso kunena kuti simumadziwa kuti amathamangitsa njinga.

Ndiye konzani pakhomo sabata ino. Geti limene ana amadutsa kakhumi patsiku silingakhale chotchinga chokha. Galu akhale ndi malo ake mkati mwa mpanda, khola la mamita awiri kwa atatu kapena kuposa, lokhala ndi denga loteteza mvula ndi pogona pouma pokwera, popeza kuzizira kwa June ndi July kuno sikusewera. Ngati khola simungakwanitse msanga, mangani waya wolimba pakati pa mitengo iwiri yotalikirana mamita 8 mpaka 10, mulowetsemo mphete, ndipo tcheni cha galu cha mamita awiri chikoledwe pa mphetepo ndi kachitsulo kozungulira kuti chisapotane. Tchenicho chisafike pageti kapena pampanda, chifukwa galu akalumpha ali womangidwa amadzipachika. Kolala ikhale yachikopa kapena yansalu yolimba yolowa zala ziwiri, osati waya kapena chingwe cha nayiloni chimene chimadula khosi. Galu womangidwa pa tcheni chachifupi usana ndi usiku amalusa kwambiri, ndiye mumasule usiku geti litakhomedwa, ndipo m'mawa amangidwe munthu woyamba asanatuluke. Ntchito imeneyi ikhale ya munthu wamkulu mmodzi, osati ya aliyense. Geti muikire sipuling'i kapena mphira wa tayala woti lizidzitsekera lokha, ndi loko wa pamwamba. Mpanda wa zigwagwa, zotsalira pocheka matabwa, umawola m'munsi ndi chinyezi cha kuno, ndipo wa maluwa uli ndi mipata imene inu simuiona koma galu amaidziwa. Yendani nawo wonse, mukhome waya m'munsi ndi kuukwirira pansi masentimita 30, kapena muyale njerwa, chifukwa galu amakumba. Popeza nyumba ndi ya lendi, auzeni a landilodi molemba za malo owonongeka, koma musadikire iwo: udindo wa galu ndi wanu. Galu wamphongo wosathena amathawa akamva fungo la wamkazi ngakhale ali kutali, ndiye funsani a zaziweto za kumuthena. Kulondera sasiya.

Zambiri mwa izi mukhoza kuchita nokha. Koma funani thandizo la loya msanga ngati mnyamatayo wapezeka kuti anathyoka fupa kapena bala lakula mpaka kugonekedwa, ngati galu wadwala kapena kufa m'masiku 10 aja, ngati apolisi akutsegulirani mlandu wa Penal Code, kapena mukalandira kalata ya loya kapena masamoni a chipepeso. Masamoni otere amakhala ndi masiku oyankhira olembedwa pomwepo, ndipo mukawaphonya khoti limagamula inu kulibe, kenako mumangoona a sherifu akulemba katundu wa m'nyumba. Ngati ndalama ya loya palibe, Legal Aid Bureau ili ndi ofesi mu Mzuzu. Pitani ndi pepala la khonsolo, kalata yanu yodindidwa, khadi la katemera, zolemba za alangizi a ziweto, malisiti onse, ndi mayina a anthu awiri amene anaona ngoziyo ndi maso awo.